Masamba pa Bwalo la Gofu la Mfumu Sindifa

Mu ufumu wa Eyabwana munalibe njala, chifukwa lamulo linaletsa. Munalibenso matenda, ulova kapena fumbi, ndipo amene ankatsokomola ankatsokomola mwa kufuna kwake. Vuto limodzi lokha ndi limene linatsala m'dziko lonselo, losowetsa nduna tulo ndi kudzaza nyuzipepala ya boma tsamba ndi tsamba. Linali vuto la zizindikiro za pa bwalo la gofu.

Kwa inu amene simunapondepo kapinga wa anthu olemera, gofu ndi masewera omenya kampira koyera ndi ndodo yopindika kumapeto, n'kukatsatira wapansi mpaka kalowe m'kadzenje kozikapo mbendera. Ukakalowetsa umakatulutsanso n'kukamenyera kwina. Anthu akuluakulu a ndevu zawo amachita zimenezi tsiku lathunthu asanalawe n'dontho lomwe la mowa. Tsono womenyayo amafuna kudziwa kuti kadzenjeko kali patali bwanji kuti asankhe ndodo yoyenera, n'chifukwa chake m'njira monse amaikamo zizindikiro zouza munthu mtunda umene watsala. Nkhani yake ndi yomweyi basi, koma ku Eyabwana inali itadya kale nduna zitatu.

Mfumu Sindifa Wachitatu, amene analowa ufumu atamwalira Sindifa Wachiwiri, ankakonda gofu kuposa akazi ake onse kuwaphatikiza pamodzi. Bwalo lake analitcha Kapingawathu, ndipo mwa eni ake a "wathu" ameneyu, aliyense wopezeka atapondapo ankagona m'chitokosi. Nduna yoyamba ya Zizindikiro, a Nyundo, inazika zikhomo zamatabwa zopaka utoto monga amachitira maiko ena, chofiira pafupi ndi dzenje, choyera pakati, chabuluu kutali. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene mpira wachifumu unagunda chikhomo choyera n'kubwerera kudzamenya bondo lachifumu. Chikhomocho chinamangidwa, chinazengedwa mlandu woukira, ndipo chinaotchedwa anthu akuona. A Kaligondo atalowa m'malo anakwirira timbale tachitsulo tolembedwa manambala m'kapinga momwemo, kuti mpira usagundenso kanthu. Anaiwala kuti pakati pa maso a mfumu ndi nthaka pali mimba, ndi kuti wofuna kuwerenga mbale ayenera kuwerama. Mfumu inawerama kamodzi, nduna zonse zikuona, ndipo a Kaligondo anathera pomwepo. A Tsekwe anabwera ndi kamakina kakunja kosuzumiramo ndi diso limodzi, kotchula kokha mtunda.

"Ukufuna nditsinzine diso limodzi inu nduna muli kumbuyo kwanga?" inafunsa mfumu, ndipo a Tsekwe sanaonekenso.

Musaganize kuti anthu amenewa anaphedwa kapena kuponyedwa m'ndende. Mfumu Sindifa inali ndi chilango choposa pamenepo. Nduna yolakwa inkakwezedwa pa lole ya boma ndi sutikesi imodzi, n'kukatsitsidwa kumudzi kwawo masanasana, pakati pa abale amene yakhala ikuwadulira foni zaka zonsezi. Akuti a Nyundo anagwira matayala a lole ija akulira ngati mwana.

Lolemba lina bwalo la nduna linakumana pa mutu womwewu. Nduna zinali zitagawanika pawiri, Azikhomo ndi Atimbale, ndipo ana awo sankakwatirana. Nduna ya Zaumoyo inalankhula mpaka kusasa mawu kuti chikhomo chimaonekera patali, choncho n'chothandiza maso. Nduna ya Zaulimi inati mbale siisokoneza makina otchetchera kapinga, ndipo aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti nduna imeneyi itchule chomera chilichonse. Wina anati bwanji tidzale mitengo, koma atafunsidwa kuti mtengowo ukula liti anakhala pansi msanga. Kenaka mfumu inamenya tebulo ndi ndodo ya gofu.

"Zikhomo n'zachilendo. Timbale n'tachilendo. Kamakina kaja ndi kazitape," inatero. "Kodi makolo athu sankadziwa mtunda? Ine ndikufuna chizindikiro chathuchathu, chachikhalidwe, chosandibwezera mpira, chosandiweramitsa, chosanditsinzinitsa. Mpikisano wa Chikho cha Mfumu ndi Loweruka likubwerali. Iwe Katsabola, kuyambira lero ndiwe Nduna ya Zizindikiro."

Nduna zonse zinaomba m'manja ndi mtima wonse, poti mphezi inali itagwera wina.

A Welosi Katsabola anali atakhalitsa m'boma chifukwa cha luso limodzi, lodziwa kuima kumbuyo pojambulitsa. Sanatsutsepo chinthu, sanayambitsepo chinthu, ndipo mfumu inkawakumbukira pokhapokha ikawaona. Kwawo kunali ku Mawamawa, kuseri kwa phiri, kumene anachokako ali mnyamata ndipo sanatembenukirekonso. Akaganiza za lole ija ikuima pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa makolo awo, anthu akutuluka m'nyumba mmodzimmodzi kudzawaona, ankachita mantha osaneneka. Anali okonzeka kuchita chilichonse pansi pano kuti asaikwere.

"Eya bwana," anayankha.

Apa pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Mfumu Sindifa inkadana ndi imfa ngati mmene ena amadanirana ndi apongozi. Kunyumba yachifumu mawu akuti imfa, maliro ndi manda anali oletsedwa, ndipo nduna sinkaloledwa kupita kukakhuza, kuopa kubwera ndi fungo lake. Munthu wamkulu akamwalira ankalengeza kuti wapita kutchuthi. Nduna zina zinkamvera lamuloli ndi pakamwa pokha, koma a Katsabola analimvera ndi mutu wonse, mpaka zinthu zina zimene mwana aliyense wa ku Eyabwana amadziwa zinafufutika mwa iwo.

Lachitatu, mutu utaima ndi maganizo, anatuluka pa galimoto yawo ya magalasi akuda kuti akapitidwe mphepo. Tsiku limenelo sailini yopatutsira anthu pamsewu inali itafa, kapena tinene kuti inali kutchuthi, choncho dalaivala ankayenda ngati munthu wamba. Atafika pamalo ena anachepetsa liwiro. A Katsabola anadzutsa mutu n'kuona nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa modutsa msewu. Minibasi imene inali patsogolo inayenda pang'onopang'ono ndipo inazimitsa wailesi. Wanjinga anatsika n'kumaikankha, bambo wina anavula chipewa. Atayenda pang'ono anapezanso mzere wina wa masamba.

"Ima!" anakuwa a Katsabola. "Dalaivala, masamba awa ndi chizindikiro, eti?"

"Eya bwana."

"Chathuchathu? Chamakolo?"

"Eya bwana."

"Ndipo aliyense amachiona ali patali, n'kuchilemekeza popanda wapolisi?"

Dalaivala anawayang'ana pagalasi n'kukumbukira kuti ali ndi ana asanu. "Eya bwana," anatero.

Mwina mukuti n'zosatheka kuti munthu wobadwira kumudzi aiwale kuti masamba pamsewu amanena za maliro, kuti pakhomo lapafupi pagwa zovuta ndipo odutsa adutse mwaulemu. Ndiye kuti simunakhalepo nduna. A Katsabola anathamangira kwa mfumu thukuta lili kamukamu, ndipo mfumu inakondwa kwambiri. Tsamba silibweza mpira, limaoneka munthu ali chilili, ndipo silitchula nambala yokhumudwitsa. Anagwirizana kuti mzere umodzi wa nthambi uzitanthauza kuti dzenje lili kutali, mizere iwiri lili pakati, mizere itatu wafika. Nduna zina zimene zinali zisanaiwale zinayang'anana, koma kuti zichenjeze zinayenera kutchula mawu oletsedwa, choncho zinaomba m'manja.

M'mawa mwake a Katsabola anapita ku msika wa Tiyembekeze ndi apolisi ndi chimkuzamawu. Anakwera pa thumba la makala la munthu wina osapempha, n'kulengeza kuti boma likulamula aliyense kubweretsa nthambi yaiwisi Loweruka m'mawa, kuti masamba ayalidwe modutsa njira zonse za pa Kapingawathu ndi pamsewu wolowera kunyumba yachifumu, ndipo kuti pa tsiku lokhalo anthu wamba aloledwa kuponda kapinga.

Wogulitsa nyama anaimitsa chikwanje m'mwamba. Woyamba kulankhula anali a Gwedeza, okhoma zidebe, amenenso anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda m'tauni yonseyo.

"Pepani bwana nduna, tingofuna timvetse," anatero akupukuta manja. "Masambawo ndi a ndani?"

"A Mfumu."

"A Mfumu eni akewo?"

"Eni ake. Avomereza okha ndi pakamwa pawo."

"Avomereza okha!" A Gwedeza anatembenukira anthu. "Koma ndiye ndi amuna. Ena timawadziwa amachita kukana mpaka tsiku lomaliza. Ndiye mwati Loweruka?"

"Loweruka m'mawa."

"Boma likudziwiratu ndi tsiku lomwe. Abale, chitukuko chafika patali."

"Nanga ife amayi tibwere ndi nkhuni?" anafunsa mayi wina wogulitsa mandasi.

"Bweretsani chilichonse chosonyeza chikondi chanu pa Mfumu."

"Makasu ndi mafosholo?" anafunsanso a Gwedeza.

"Ngati n'zachikhalidwe, bweretsani," anayankha a Katsabola, mtima uli m'malo poona anthu akulandira lamulo la boma mosanyinyirika. Chikhalire sanaonepo zotere.

Akutsika pa thumba lija, wina anawakoka jekete. Anali mlongo wawo wamkulu, a Edinesi, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsikapo ndipo ankapita ku Mawamawa kumapeto a mwezi uliwonse. A Katsabola ankadziwa bwino pamene benchi yawo inali, n'chifukwa chake ankalowera chipata china.

"Achimwene, mwadwala kapena mukuchita dala?" anafunsa a Edinesi monong'ona. "Masamba pamsewu ndi a mali..."

"Achemwali!" A Katsabola anatseka makutu ndi manja onse awiri. "Apolisi ali pomwepa. Mukufuna mundikweretse lole?"

"Ndikufuna ndikuthandizeni. Mayi atatisiya tinayala masamba kuyambira pamlatho mpaka pakhomo. Inu munatumiza dalaivala ndi nkhata ya maluwa apulasitiki. Zaka zonsezi ndimayesa ndi manyazi amene amakulepheretsani kundiyang'ana. Kani simukudziwa n'komwe?"

"Mayi ali kutchuthi," anatero a Katsabola. Sanaganize n'komwe, pakamwa panangoyankha pokha monga mwa chizolowezi.

Mawu amenewa anawapweteka kwambiri a Edinesi, ndipo sanabise. Kenaka anakonza chitenje chawo n'kubwerera pa benchi.

"Chabwino achimwene," anatero. "Tibwera Loweruka."

Loweruka kunacha bwino. Pamene mfumu inkafika pa Kapingawathu, itavala kabudula wamawangamawanga ndi chipewa choyera, bwalo lonse linali litayalidwa masamba a mango ndi a bulugamu, mizere yooneka bwino kuyambira dzenje loyamba mpaka lomaliza. Ndipo anthu! Chiyambire ufumu wa Eyabwana sikunasonkhanepo khamu lotere popanda malole okawatenga. Ankabwera okha, wapansi, apanjinga akukankha njinga zawo, abambo zipewa zili m'manja, amayi atasenza nkhuni ndi malichero a ufa. Anakhala pansi pa kapinga mwadongosolo, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Makwaya a mipingo yonse anayamba nyimbo zapansipansi zokoka mtima.

"Katsabola," inatero mfumu, maso ali waliwali, "anthu awa wawapatsa chiyani?"

"Palibe, Mwinidziko. Ndi chikondi basi."

"Nanga amayi awo akuliriranji?"

"Chimwemwe, Mwinidziko."

Mfumu inasewera tsiku limenelo ngati mnyamata. Ikamenya mpira n'kulowa m'tchire, anthu ankapukusa mitu mwachisoni, ndipo inkati akumva nayo chisoni. Ikadutsa, onse ankaweramitsa nkhope, ena n'kumanong'onezana kuti taonani, akuyenda ngati wamoyo. Nduna zimene zinkasewera nayo zinkaphonya mwadala monga mwa nthawi zonse, koma lero zinkaphonya zenizeni ndi mantha, ndipo Nduna ya Zaulimi inapempha kupita kuchimbudzi n'kusabwerera. A Katsabola okha ndi amene ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuona lole ija ikutalikira m'maganizo mwawo.

Dzenje lomaliza linali kuseri kwa kachitunda, moti womenya ankangoona nsonga ya mbendera. Mfumu inaima pa mzere wa masamba, inasankha ndodo, n'kumenya ndi mphamvu zake zonse. Mpira unauluka mokhota monga unkachitira masiku onse, unagwera kuseri kuja, ndipo kunamveka mfuu.

"Walowa! Walowa!"

Mfumu inataya ndodo. Zaka zonse zimene inasewera gofu inali isanalowetsepo mpira kuchokera patali chotero. Inathamanga, mimba ikutsogola, a Katsabola ali pambuyo. Atafika pamwamba pa kachitunda anaima. Pamene panali kadzenje kaja panali dzenje lalikulu lamakona anayi, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, dothi lofiira litaunjikidwa m'mbali. Mbendera inali itazikidwa kumutu. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi, makasu ali pambali, ndipo mpira wachifumu unali phee pansi penipeni.

"Ichi n'chiyani?" inafunsa mfumu.

"Nyumba yanu, bwana," anayankha a Gwedeza osadzuka. Ku Eyabwana, monga kwina konse, mdzukulu ali pantchito sagwadira munthu ndipo amanena zimene wafuna. "Kadzenje munakumbitsa kaja kanali kakang'ono. Tinayesa kukuyezani ndi maso, tinaona kuti simungakwanemo."

"Nyumba yanga? Ndiye kuti awa ndi..." Mfumu inalephera kumaliza, poti lamulo linali lake lomwe.

"Manda, bwana. Tchulani, lero n'kwanu."

"Koma ine ndili moyo! Sukundiona?"

"Kuona tikukuonani, ndipo mukuoneka bwino kuposa ambiri amene tawasunga. Koma ife timayendera masamba. Masamba ayalidwa ndi boma, alengeza ndi a nduna awa pa chimkuzamawu, ndipo anati mwavomereza nokha. Ife ndife yani kuti titsutse boma? Chibadwire sitinayambe tatsutsapo."

Anthu onse anavomereza chapansipansi kuti eya, sitinayambe. Mfumu inaitana mkulu wa asilikali kuti amange aliyense, koma mkulu wa asilikaliyo anali atavula chipewa, ndipo amayi ake omubereka anali m'kwaya yoyamba akumuyang'ana.

"Kwirirani dzenjeli msanga!" inakuwa mfumu.

"Apo ndiye pavuta," anatero a Gwedeza akukanda m'mutu. "Manda okumbakumba sakwiriridwa opanda kanthu. Mukatero amaitana okha munthu, ndipo amayambira pa amene anawakumbira. Muyenera kulowa kanthu, bwana. Ife sitisankha, timangokwirira."

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Katsabola. Inawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka inayang'ana dzenje, ngati telala woyeza nsalu. A Katsabola anazindikira kuti woyezedwayo ndi iwo. Ndipo taonani zodabwitsa za mutu wa munthu! Zonse zimene anaiwala zaka makumi awiri zinabwerera nthawi imodzi, masamba, nkhuni, nyimbo, amayi okhala mbali yawo, zonse. Anakumbukiranso kanthu kena kamene anaona ali mwana, pamene munthu wina anakokoloka ndi madzi ndipo thupi lake silinapezeke.

"Thunthu la nthochi, Mwinidziko!" anakuwa. "Mwambo umalola! Thupi likasowa amaika thunthu la nthochi m'malo mwake!"

Mfumu inayang'ana a Gwedeza.

"Akunena zoona," anatero a Gwedeza, mooneka kuti akhumudwa pang'ono. "Kani a nduna amadziwa mwambo akapanikizika."

Anthu anathamanga kukadula nthochi kuseri kwa khitchini yachifumu. Koma thunthulo litafika, lonenepa bwino, mfumu inayamba kuganiza zina. Ngati chinthuchi chikuimira Mfumu Sindifa Wachitatu, sichingaponyedwe m'dzenje ngati galu. Inalamula kuti alikulunge ndi mbendera ya dziko, aliveke chipewa chachifumu, asilikali aombe mfuti m'mwamba, ndipo Nduna ya Zizindikiro ipereke mawu. Inaitanitsa mpando n'kukhala kutsogolo kuti imve bwino.

A Katsabola analankhula ngati munthu amene wangotuluka m'kamwa mwa ng'ona. Anati malemuwa anali bambo wa ana amasiye, mthunzi wa dziko, katswiri wa gofu amene mpira wake womaliza unalowa kamodzi n'kamodzi. Anati dziko la Eyabwana silidzaonanso wina wotere, ndipo apa khamu lonse linayankha ameni mwamphamvu. Mfumu inalira misozi yeniyeni. Inali isanadziwe kuti inali munthu wabwino chotero. Adzukulu anatsitsa thunthu lija, anachita zina ndi zina m'dzenjemo zimene adzukulu amachita anthu atatalikira, n'kukwirira. Amayi anaphika, anthu anadya, ndipo pobalalika aliyense anali wopepukidwa ngati watula katundu.

Madzulo asanafike mfumu inalengeza kuti masamba ndiwo chizindikiro cha boma mpaka kalekale, ndi kuti a Welosi Katsabola ndi Nduna ya Zizindikiro moyo wawo wonse, osachotsedwa, osasinthidwa, osakwezedwa lole. A Katsabola anagwada n'kupsompsona nsapato ya gofu. Zimene ankafuna anazipeza.

Lolemba mfumu inatumiza lamulo ku msika wa Tiyembekeze kuti anthu abwere kudzathirira kapinga amene anamupondaponda. Wolengeza anabwerera yekha.

"Akuti chiyani?" inafunsa mfumu.

"Akuti pepani, Mwinidziko, koma iwo sangatumidwe ndi malemu. Akuti ngati muli ndi mawu mubwere kutulo, mulotetse munthu wamkulu, akamasulire."

Mfumu inapita yokha kumsika pa galimoto yopanda denga, itaimirira kuti aliyense aione. Anthu anavula zipewa mwaulemu, apanjinga anatsika, ndipo galimoto itadutsa anapitiriza malonda awo. Mayi wa mandasi uja anauza mnzake kuti malemuwa sakugona bwino, mwina adzukulu sanatsendere dothi mokwanira. Apolisi anapita kukameta tsitsi monga amachitira anamfedwa, ndipo atameta anati akudikira mfumu yatsopano kuti iwauze zochita. Nduna nazo, Azikhomo ndi Atimbale omwe, zinayamba kusowa imodziimodzi, n'kumapezeka pakhonde pa mwana wa mlongo wake wa mfumu, amene mwa mwambo ndiye wolowa ufumu. Akuti mnyamatayo ankakonda mpira wamiyendo, ndipo nduna zonse zinapezeka kuti zakhala zikuukonda kuyambira kale.

Pa Kapingawathu panatsala anthu awiri. M'mawa uliwonse a Katsabola ankathyola okha nthambi, kuziyala okha, kunyamula okha chikwama cha ndodo, n'kuomba okha m'manja. Mbuzi za anthu zinayamba kulowa kudzadya zizindikiro. Mfumu sinkadandaula kwenikweni. Inkati sinalemekezedwepo chonchi, poti aliyense wodutsa pamsewu ankavula chipewa popanda womuuza.

A Katsabola ndi amene anayamba kuwonda. Kunyumba yachifumu ophika anali atachoka, wowapatsa moni panalibe, ndipo munthu amatopa kulankhula ndi mfumu yokhayokha. Tsiku lina masana, mfumu itagona pansi pa mtengo, anapezeka akuganiza za ku Mawamawa, ndipo koyamba sanachite mantha. Anaganiza za mtengo wa mango uja, ndi za manda a mayi awo amene anali asanawaonepo. Anasiya chikwama cha ndodo pomwepo n'kuyenda wapansi mpaka ku Tiyembekeze, ndipo analowera chipata choyang'anana ndi benchi ya tomato.

A Edinesi anali atavala duku lakuda, ndipo m'mphepete mwa dukulo munkaoneka kuti ameta. Anthu a mabenchi oyandikana nawo ataona a Katsabola anayang'ana pansi.

"Achemwali," anatero a Katsabola, "mukapita liti kumudzi? Ndimati nditsagane nanu. Ndikaone pamene anagona mayi."

A Edinesi anapitiriza kupanga milu ya tomato. Amene anayankha anali a Gwedeza, ali pa ntchito yawo yokhoma chidebe chapafupi pomwepo.

"Bwana nduna, kani sanakuuzeni? Mfumu ya kuno siikidwa yokha, imapita ndi mtumiki wake wokhulupirika woti azikainyamulira katundu. Ndi mwambo wakale, inu mukuudziwa, poti mumadziwa mwambo. Ndiye pambali pa thunthu lalikulu lija tinaikapo kathunthu kena kakang'ono, kowonda m'miyendo. Uthenga unapita ku Mawamawa tsiku lomwelo. Anayala masamba kuyambira pamlatho, anakhuza, anameta. Munda wanu anagawana kale."

"Koma ndine ndili pano!" A Katsabola anagwira benchi ndi manja onse awiri, milu ya tomato n'kugumuka. "Achemwali, ndine Welosi! Tandiyang'anani!"

A Edinesi anatola tomato amene anagwa, mmodzimmodzi, n'kumupukuta ndi chitenje. Atamaliza anadzutsa nkhope. M'maso mwawo munalibe mkwiyo kapena chipongwe, ndipo zimenezi ndi zimene zinawaopsa kwambiri a Katsabola.

"Ndinali ndi mlongo wanga dzina lake Welosi," anatero a Edinesi. "Ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Anatisiya kalekale, koma tinalibe poti n'kulirira, ndiye Loweruka lija ndinamulira mokwanira, mpaka mawu anatha. Pitani bwino, bambo. Musandivutitse kulira kawiri."